Hafu ya Piritsi la Abambo Ako

Tiyamike mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi masana ano iwe uli kolukitsa tsitsi, chifukwa ndikati ndikulankhule pamaso sundilola kumaliza. Ndikangotsegula pakamwa iwe wayankha kale, ndipo poti lilimelo unatengera kwa ine ndemwe, ndilibe kokadandaula. Pepala lokha ndi limene silindidula mawu. Ndakhala pansi pa thandala la usipa pamene pali kamthunzi, ndiye ukamva kafungo powerenga usadabwe.

Mayi ako aang'ono a Estere andiuza zonse. Usawakwiyire, unalakwa wekha kusungitsa chinsinsi kwa munthu amene nkhani imamuyabwa m'kamwa isanafike n'komwe m'khutu. Akuti mawa ukwera minibasi ngati munthu wokayamba sukulu ya unamwino, koma mumtima mwako ukupita kukapempha kuti malo ako akusungire mpaka chaka chamawa, iwe ubwerere kuno. Chifukwa chake akuti ndi mapiritsi a abambo ako a kuthamanga kwa magazi. Akuti unanena kuti ukachoka pakhomo pano satsala wodziwa kuwerenga manambala a Chizungu a pa timatumba ta mankhwala, ndipo ine ndidzawapha abambo ako ndi manja anga, mwachikondi. Mawu oti mwachikondiwo ndikudziwa kuti awonjezera ndi a Estere pofuna kundiziziritsa mtima.

Ndinapsa mtima, ndisakunamize. Ndinakalipira nkhuku, ndinakalipira abambo ako amene anali chikhalire osalakwa kanthu, kenako nditakhala pansi ndinaona kuti sukunama kwenikweni. Mbiri yanga ndi manambala a Chizungu si yoti munthu n'kuinyadira. Koma malo a sukulu ngati amenewo sasungira munthu ngati mpando wa m'tchalitchi, ndipo iwe wawadikira mpaka makolala a malaya kukukulira. Ndiye uwerenge mpaka kumapeto usanayankhe. Ndikufuna ndikuuze pamene matenda anga anayambira, udziwe kuti sali m'mutu monga ukuganizira, ali m'khosi.

Anayambira Sitandade 4, m'manja mwa a Nyirenda, aphunzitsi ochokera kumpoto amene dzuwa la Salima linkawazunza moti mpango wopukutira thukuta ankaufinya pawindo. Kuwerenga wani, thu, fili, folo ndinkatha kuposa aliyense, poti tinkachita kuimba, ndipo ine pa nyimbo sindigonja. Pajatu ngakhale agogo ako amene sanapondeko m'kalasi nsomba ankawerenga m'Chizungu, chifukwa ukati unene kuti zisanu ndi zinayi, wogula wapita kale kwa mnzako. Vuto linabwera tsiku limene a Nyirenda analowa ndi papaya ndi mpeni. Analidula pakati n'kunena kuti iyi ndi hafu. Anadulanso n'kunena kuti kota. Anapitiriza kudula tizidutswa, uku akulemba pabolodi nambala pamwamba, kamzere, nambala ina pansi. Ine kubolodiko sindinayang'aneko n'kamodzi komwe. Ndinali nditabwera wosadya, ndipo nzeru zanga zonse zinali pa funso limodzi, loti kodi papayalo lifika pa benchi lathu kapena lithera kutsogolo. Atamaliza anafunsa ngati tamva. Tonse tinati eee, koma ine ndinagwedeza mutu mwamphamvu kuposa anzanga kuti andione. Anandionadi, n'kundipatsa chidutswa, n'kuuza anzanga kuti atengere chitsanzo kwa mwana womva msangayu. Khosi langa linaphunzira tsiku limenelo kuti kugwedeza mutu kumadyetsa, ndipo silinaiwalenso.

Tiya, kumene ukupitako funso lomwelo azikakufunsa tsiku ndi tsiku, ndipo anzako onse azikati eee. Usawakhulupirire, ambiri mwa iwo maso awo ali pa papaya. Ngati sunamve, mutu uugwire. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine tsiku limenelo ndinadya papaya, koma phulalo linali kundidikira kutsogolo.

Linandipeza iwe uli kumsana. Ndinali nditapeza ntchito yothandiza kukhitchini pa loji ina kugombe kuno, ya mayi wina wa ku Lilongwe amene ankalankhula Chizungu ngakhale pothamangitsa agalu. Tsiku lina wophika wamkulu anapita kumaliro, alendo ali tho m'zipinda, ndiye mayiwo anandipatsa kakhadi ka maphikidwe a buledi n'kundifunsa ngati ndikhoza. Chimene mutu wanga unachita ukuchidziwa kale. Ufa ndinayeza bwino, madzi bwino, mchere bwino. Koma pa yisiti analemba wani pamwamba, kamzere, folo pansi, kenako paketi. Ndinaima n'kuganiza mozama, ndipo ndinapeza kuti kamzereko kakutanthauza kuti usankhe wekha, wani kapena folo, malinga ndi mtima wako. Ine si munthu womana, ndipo alendo anali ambiri. Ndinang'amba mapaketi folo n'kuthira onse.

Ndinakanda, n'kuvundikira m'beseni, n'kutuluka panja kukasenda anyezi. Kutentha kwa mwezi wa Okutobala ukukudziwa. Pobwerera ndinapeza chivundikiro chili pansi, ufa uja watuluka m'beseni, wadzaza patebulo, ukutsika ndi mwendo wa tebulo kulowera kukhomo. Ndikaukankhira mkati uku unkatulukira uko. Ndinaitana mlonda, a Saidi, munthu wa mapemphero ake, amene atasuzumira anangoti Subuhanallah n'kunena kuti saukhudza asanadziwe amene wautuma. Eni loji atafika Chizungu chonse chinawathawa, anandikalipira m'Chichewa cha ku Dowa chenicheni, choti ngakhale agogo ako akanachita nacho kaso. Anandiuza kuti chimene ndinaonacho ndi kota, kachigawo kamodzi ka paketi imodzi. Mpweya utawathera anandifunsa chifukwa chimene sindinafunsire, ine ndinati ndimaopa kuoneka mbuli. Anandiyang'ana, ufa uli mpaka m'zigongono, iwe ukulira kumsana.

“Nanga panopa mukuoneka ndani?”

Sanandichotse ntchito, anangondisamutsira kochapa nsalu za pabedi, kumene kulibe manambala. Funso lawolo ulisunge, mwana wanga. Manyazi a kufunsa amatha usanafike pakhomo, koma a kusafunsa anthu amachita kuitanizana kudzawaonerera.

Ukanati pamenepa ndachenjera. Ndinachenjeradi, koma mbali imodzi. Agogo ako atayamba kufooka miyendo ananena kuti dimba lawo la mpunga la kufupi ndi Chinguluwe ligawidwe iwo akadali ndi maso, hafu itsale yawo, inayo tigawane ana atatu, ine, a Estere ndi malume ako a Yohane. Kwathu munda amagawa ndi phazi. Mumayenda nonse m'malire, wina akuzika timitengo, aliyense akuona ndi maso ake pamene pakuthera pake, ndipo wodandaula amadandaulira pomwepo. Koma malume ako anali atangobwera kumene ku Joni ndi nsapato zoyera zosagwirizana ndi matope, ndiye anati zoyendayenda m'dimba n'zachikale, tigawane pakhonde ndi bolopeni. Analemba pachikatoni cha sopo. Anati iwo poti sakhalitsa kuno atenga wani ova eyiti, ndiye patsala wani ova folo ndi wani ova eyiti ina, ndipo ine monga wamkulu ndiyambe kusankha.

Tamva mmene ndinaganizira, uone kuti mutu unkagwira ntchito ndithu. Wani ova folo ndinali nditapsa naye kale kuloji, ndinkadziwa kuti ndi kanthu kochepa. Eyiti ndi folo kawiri, zimenezo ngakhale mwana amadziwa. Komanso mlongo wangayo ndimamudziwa, chibadwire sanasankhepo nthuli yaing'ono m'mbale, ndiye ngati wathamangira eyiti ndiye kuti kunona kuli komweko. Malume ako anandifunsa kuti achemwali mwamvetsa bwinobwino, anafunsa mpaka kubwereza, ine mutu uli gwede gwede. Ndinati eyitiyo andipatse ine, folo apatse mwanayu. A Estere, amene anafika Fomu 2, anawerama mapewa akugwedezeka. Ndinkayesa akulira, moti ndinawasisita pamsana n'kuwalonjeza kuti mpunga wawo ukadzatha asadzachite manyazi kubwera ndi kathumba kwa ine.

Mvula itagwa tinapita kukawokera. Ndinapeza timitengo tazikidwa kale, ndipo gawo langa linali loti ndikawerama kuti ndiwoke mbande, mutu uli m'munda mwanga, matako ali kale mwa a Estere. Ndinafunsa kuti kwinako kuli kuti. A Estere anandikhazika pamzere, n'kuthyola chinangwa chimene tinatenga cha kadzutsa, n'kundiuza kuti nambala yapansiyo ndi ya pakamwa podya. Pakamwa pakachuluka, chofika kwa iwe chimachepa. Zimene a Nyirenda analephera ndi papaya lathunthu, mng'ono wanga anandilowetsa m'mutu ndi chinangwa chozizira. Anati tisinthane poti sindimadziwa, koma ine ndinakana, ndinati ndinasankha dala pochepa chifukwa cha msana. Ndiye mpunga umene wakulira, umene umabwera m'kathumba chaka ndi chaka uja, tsopano wadziwa chifukwa chake umachokera kwa mayi ako aang'ono.

Nambala imene waimva ndi khutu lokha usaivomere, Tiya. Munthu akuonetse. Ngati ndi munda auyende, ngati ndi madzi awathire uone pamene afika, ngati ndi piritsi alidule iwe ukupenya. Ndiponso mnyamata wina kumeneko akadzakuuza kuti amakukonda handiredi peresenti, usathamangire kukula kwa nambala monga ndinachitira ine. Uyambe wafufuza kuti pansi pa kamzere pali pakamwa pangati.

Abambo ako asakunamize kuti iwo ndiye ali bwino. Zaka zonse zimene anapha nsomba ku chilumba cha Mbenji, oyilo ndi petulo wa injini ankasakaniza poyang'ana mtundu basi. Muyezo unalembedwa pabotolo, koma iwo ankati zimenezo analembera a kunyanja za mchere. Boti lawo linkafuka utsi moti anzawo ankawazindikira asanaone nkhope. Atayamba mapiritsi anafuna kuchita chimodzimodzi. Atauzidwa kuti hafu, ankaluma piritsi ndi dzino lakutsogolo, chotsala m'kamwa n'kukhala hafu, chogwa pansi n'kukhala cha nkhuku. Ukukumbuka tambala wathu wolusa uja, amene anangofatsa mwadzidzidzi n'kumagona pakhonde masana. Ine mpaka lero ndimati magazi ake anali atatsika bwino kuposa a mwini mankhwala.

Tsopano ndifike pa tsiku lija, limene iwe sunaiwale, ndipo sindikukupempha kuti uiwale. Unali kusukulu kukonzekera mayeso, ndiye kuchipatala ndinapita nawo ndine. Anawasinthira mankhwala, ndipo pakathumba kapulasitiki kaja, pansi pa chithunzi cha dzuwa, sanalembe hafu imene ndinali nditaizolowera, ya wani pamwamba thu pansi. Analemba ziro, kadontho, faifi. Wopereka mankhwala anafotokoza, anafunsa ngati ndamva, ndipo khosi linayankha ine ndisanaganize. Kunyumba ndinakayang'ana kathumbako nthawi yaitali. Ziro ndinkadziwa kuti si kanthu, ndiye ndinamutaya. Kadontho ndinati bolopeni yangodontha. Inatsala faifi. Ndinawerenga mapiritsi faifi m'dzanja, n'kutunga madzi m'kapu, n'kugwada pamaso pa abambo ako mwaulemu wonse.

Chiyambire ukwati wathu munthuyu sanamverepo langizo langa, ndipo tsiku limenelo kusamva kwawo n'kumene kunawapulumutsa. Anayang'ana m'dzanja mwanga, n'kuyang'ana ine.

“Amake Tiya, ngati mukufuna botilo ingonenani, ndikupatsani ndili moyo.”

Tili mkati mokangana iwe unalowa ndi mabuku ako. Unaona dzanja langa, unawerenga kathumba, ndipo nkhope yako inachita chinthu chimene sindifuna kudzachionanso. Sunakalipe. Unangotola mapiritsiwo limodzilimodzi, n'kudula limodzi pakati, n'kuwapatsa abambo ako, kachitini ka mankhwala n'kukalowetsa kuchipinda kwako. Bola ukanakalipa. Tsiku limenelo sindinadye. Nkhani ya buledi ndimaseka, ya dimba ndimaseka, koma iyi ndimaiseka pakamwa pokha. Kuyambira pamenepo kachitiniko kakhala kwa iwe, ndipo ine ndinalola, chifukwa kutulidwa katundu kumakoma. Sindinaone kuti katunduyo ndamusenzetsa mwana, ndipo tsiku lina adzamulepheretsa kutuluka pakhomo.

Ndiye tamva zimene ndachita lero. Iwe utangotuluka m'mawa ndinawaveka abambo ako malaya a kutchalitchi, n'kutenga buku lawo la kuchipatala, n'kuitana a kabaza awiri. Njira yonse abambo ako ankadandaula kuti mankhwalawo amakatenga ndi mwana, ine ndikuti mwanayo mawa kulibe. Atawayeza tinakaima pamzere wa pawindo lolandirira mankhwala. Pamenepo panali mnyamata wa msinkhu wako, wotopa kale dzuwa lisanakwere, amene analemba pakathumba, n'kunena mothamanga kuti ziro poyinti faifi m'mawa, wani poyinti faifi madzulo, mwamva mayi, maso ali kale pa munthu wa kumbuyo kwanga. Ndinalimva khosi likuyamba ntchito yake. Ndinaika chibakera pansi pa chibwano n'kulitchinga.

“Sindinamve, mwana wanga.”

Anabwereza mokweza, poganiza kuti vuto ndi makutu. Ndinamuuza kuti makutu ali bwino, chimene sindikumva ndi kadonthoko. Kumbuyo anthu anayamba kung'ung'udza kuti ena tachokera kutali. Abambo ako anandikoka chitenje, ndipo nditakana kusuntha anasendera pambali n'kumawerenga zithunzi za pakhoma ngati munthu amene sanandionepo. Thukuta linanditsika mpaka m'miyendo, Tiya. Ndakhalapo pa mlandu, ndaberekapo, koma kuima pawindo paja anthu akundiyang'ana kumsana kunali kowawa mwa mtundu wake. Ndinati sindichoka mpaka andionetse ndi piritsi lenileni.

Pamenepo bambo wina wachikulire wovala kofia, amene anali wachiwiri kumbuyo kwanga, analankhula.

“Musachoke mayi, mutifunsireko. Kadontho kameneko nanenso kandizunza chaka chonse.”

Mayi wina wa mwana kumsana anakweza botolo la mankhwala a madzi n'kunena kuti nayenso pake pali komweko. Wina anati iye amangomwa monga mmene mutu ukuwawira. Ong'ung'udza aja anayamba kutulutsa timatumba tawo mmodzimmodzi, ndipo ndinaona kuti mzere wonsewo unali wa anthu a matenda anga, kungoti aliyense ankayesa kuti ali yekha. Mnyamata uja anaseka, osati monyoza, n'kutuluka ndi lezala kudzakhala nafe pabenchi. Anati kadonthoko ndi malire. Kumanzere kwake kumakhala mapiritsi athunthu, kumanja kumakhala zidutswa, ndipo piritsi likagawidwa tizidutswa teni, tizidutswa faifi ndi theka lake. Ndiye ziro wa kumanzereyo si wotaya, ndi amene akukuuza kuti lathunthu palibe. Anadula limodzi ife tikuona, kenako anandipatsa lezala kuti ndidule ndekha. Loyamba linanyenyeka. Lachiwiri theka lake linadumpha n'kulowa pansi pa benchi, abambo ako n'kunong'oneza bambo wa kofia uja kuti kunyumba zimenezo zimakhala za tambala. Lotsatira linagawika bwinobwino pakamzere kake. Anandiuza kuti ndinene ndekha za m'mawa ndi za madzulo, ndinanena, ndipo pansi pa manambala ake anandilembera m'Chichewa kuti theka, kwinako limodzi ndi theka, n'kujambulanso timiyezi toonetsa theka ndi lathunthu. Potuluka abambo ako anali akuuza aliyense kuti mayi ofunsa aja ndi akunyumba kwawo.

Chimene ndikufuna utenge apa si choti mayi ako asanduka ophunzira ayi. Manambala ena akadzabwera ndi nkhope yachilendo adzandisokonezabe. Chasintha n'choti tsopano ndikudziwa pamene chibakera chimakhala. Ndipo iwe, tsiku limene udzavale zoyera n'kukhala mbali inayo ya windo, udzakumbukire benchi limeneli. Ukadzaona mayi wachikulire akugwedeza mutu msangamsanga usanamalize n'kulankhula komwe, ameneyo sanamve kanthu. Usadzamufunse ngati wamva, adzakunamiza mwaulemu. Udzamuuze anene yekha, adule yekha, iwe ukuona. Chizungu chako udzachisungire madokotala, koma kwa anthu ngati ife theka udzalitchule kuti theka. Polemba uzilemba zooneka, maseveni ako aja ofanana ndi wani uwasiye konkuno, ndipo kadontho uzikadinda kuti munthu asakayese chitosi cha ntchentche.

Zina zonse zimene amayi amalangiza ana awo ukuzidziwa, ndipo ndikaziyamba pepala lindithera. Uzidya. Uzipemphera. Nsapato zakuda zija usabwereke munthu, sizibwerera. Ukasowa uzinena msanga, usamadikire kuti tilote. Abambo ako akuti ndikuuze kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo anena zimenezi akuyang'ana kumbali, mphuno ikuwavuta, akunamizira utsi wa mbaula ya kwa aneba.

Chibwerereni kuchipatala ndakhala ndikuyeserera pa mtedza. Ndadula mbale yathunthu, ndipo abambo ako, amene adziika okha kukhala woyesa mayeso, akudya zolakwika ndi zokhoza zomwe. Koma ndikudziwa kuti iwe sukhulupirira nkhani, unatengera ine pamenepanso, ndipo ndakuuza ndekha kuti usamavomere za khutu lokha. Ndiye tichite chonchi. Ukamaliza kuwerenga, ukatenge kachitini kaja kuchipinda kwako ubwere nako pakhonde. Mankhwala a madzulo ano ndipereka ine. Iwe uime pambali, manja kumbuyo, pakamwa potseka, ngakhale ndikudziwa kuti chachiwirichi chikuvuta. Ndiwerenga kathumba mokweza, ndidula, ndiwapatsa. Mawa m'mawa usananyamuke ndibwerezanso. Ndikalakwa, ngakhale pang'ono, sindidzatsutsa, ukapemphe chaka chakocho ndipo ine ndidzakuperekeza. Koma ndikakhoza, Tiyamike, kachitiniko katsala m'manja mwanga, ndipo iwe ukwera minibasi ngati mwana wa sukulu weniweni, wobwera pa holide basi.

Usaganize kuti ndikukuthamangitsa. Nyumba ino popanda iwe ndikuiopa, ndipo sindikudziwa kuti ndizikangana ndi ndani abambo ako akagona. Ilipo mbali ina ya mtima wanga imene ikufuna kuti madzulo ano piritsi linyenyeke, iwe ukhale. Kaya mbali imeneyo ndi hafu kaya ndi kota, sindinathe kuiyeza, ndipo si yaing'ono. Koma si imene igwire lezala.

Bwera nako kachitiniko.

Ndine amene ndinakubereka ndipo ndikukutulutsa ndekha pakhomo,
mayi ako,
Nabanda